Kakonzedwe ka gavana pa injini yaing'ono ya petulo: kathirakitala, pampu ndi jenereta

Mvula ikangotha anthu n'kubwerera kudimba, funso limene limandipeza pafupifupi tsiku lililonse ndi lomwelomweli: "Amisiri, injini yanga ikulira mokwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, ngati munthu wopuma wefuwefu. Ndikoke sipuling'i ija?" Ndayankha mpaka pakamwa kuuma, ndiye ndaganiza zongolemba kamodzi. Wina akadzafunsanso ndidzangomutumizira izi.

Ndikunena za injini za petulo za pisitoni imodzi, zija mumazipeza pa kathirakitala kolimira kudimba, pa pampu yothirira, pa jenereta yapakhomo ndi pa makina otchetchera kapinga. Zambiri kuno ndi Honda GX160 ya 163 cc ndi GX200 ya 196 cc, kapena zochokera ku China zopangidwa motengera zimenezi, zolembedwa 168F pambali. Za Briggs & Stratton ndizitchula pamene zasiyana. Ngati yanu ndi ya dizilo, monga ija ya pachigayo, musatsate malangizowa, chifukwa gavana wake amagwira pampu ya mafuta ndipo ndi nkhani ina.

Gavana ameneyu ndani? Si wachipani, si wa ku Reserve Bank, komabe ntchito yake ndi kulamulira ndithu. M'kati mwa injini, m'mene mumakhala oyilo, muli kagiya kapulasitiki koyera kokhala ndi tizitsulo tolemera tomangidwa ngati mapiko. Injini ikamathamanga, tizitsuloti timatambasuka n'kukankha kamutu kamene kamakankhanso shafuti yopyapyala yotulukira kunja. Kunjako shafutiyo yagwidwa ndi chitsulo chachitali chimene timachitcha mkono wa gavana, ndipo kuchokera kumkonoko pali kawaya kopita ku kabuleta, kotsegula ndi kutseka kachitseko kolowetsa mpweya ndi petulo. Kumkono komweko kwakoledwa sipuling'i yaikulu. Sipuling'i imakokera kotsegula, tizitsulo ta m'kati timakankhira kotseka. Pamene ziwirizi zalingana mphamvu m'pamene injini imakhazikika. Khasu la thirakitala likalowa m'dothi lolimba, liwiro limatsika pang'ono, tizitsulo timafooka, sipuling'i imapambana, kachitseko kamatseguka, ndipo mumamva injini ikusintha mawu. Ameneyo ndiye gavana akugwira ntchito, sikuti wawonongeka.

Zida zake si zambiri: sipanala ya 10, pulayala, sikuludiraiva, foni yojambulira, ndi chipangizo choyezera liwiro. Pa jenereta, malitimita (chipangizo choyezera magetsi) yowerenga Hz, muyeso umene umatsata liwiro la injini, ikukwanira.

1. Yambani mwatsimikiza kuti wolakwa ndi gavana

Pa injini zimene anthu amabwera nazo akuti gavana wafa, zambiri zimabwerera kwawo ndisanakhudze n'komwe gavanayo. Vuto limakhala petulo wochepa. Kabuleta ikatsekeka pang'ono, injini imafooka, gavana amatsegula, injini imalumpha, gavana amatseka, imafookanso, basi gule n'kumapitirira. Gavana amaoneka wolakwa chifukwa ndiye amene akugwedezeka pamaso panu.

Yesani kawiri. Choyamba, injini ikulira, tsekani theka choki, chija chochepetsa mpweya poliza injini yozizira. Ikakhazikika nthawi yomweyo, dziwani kuti inali ndi njala ya petulo. Chachiwiri, gwirani ndi chala pamene kawaya kalowera pa kabuleta, mukaimitse malo amodzi osakatsegula kwambiri. Ikapitiriza kudzuma kapena kufuna kuzima chala chanu chili pomwepo, vuto ndi mafuta kapena mpweya wolowa pa gasiketi yong'ambika. Ikalira bwino, koma mukangochotsa chala n'kuyambanso kusakhazikika, pamenepo tingayambe kukayikira gavana, ngakhale kuti kabuleta yotsekeka pang'ono imathanso kuchita chimodzimodzi, n'chifukwa chake kuyesa kwa choki kumayamba.

Pa GX ndi abale ake, kamene kamatsekeka kawirikawiri ndi jeti, kabowo kopitira petulo, yaing'ono yapulasitiki yakuda imene ili pamwamba pa kabuleta, yopanikizidwa ndi sikuluwu ya liwiro lotsika. Chotsani sikuluwuyo mukuwerenga kuti yazungulira kangati, zulani jetiyo mosamala, ndipo muyang'ane kabowo kake kudzuwa. N'kakang'ono zedi. Kaboolereni ndi ulusi umodzi wa waya wamagetsi, osati singano, chifukwa singano imakulitsa bowo ndipo injini imayamba kumwa mafuta ngati ili paukwati. Tsitsaninso kambale ka pansi pa kabuleta muone ngati muli madzi. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo ethanol amakoka chinyezi, choncho pampu imene yagona m'nyumba dzinja lonse ili ndi mafuta m'kati imadzuka ndi zoyerayera ngati ufa m'kambalemo. Za petulo wa m'zigubu ndiye sindinena zambiri, mukudziwa nokha.

Onaninso sefa ya mpweya ndi pulagi. Mpata wa pulagi pa injinizi ndi 0.7 mpaka 0.8 mm.

2. Jambulani musanamasule chilichonse

Zimitsani injini, idikireni izizire, chotsani waya wa pulagi. Kenako jambulani chithunzi choonetsa bowo limene sipuling'i yakoledwa pamkono ndi bowo limene kawaya kalowa. Mkonowo uli ndi mabowo angapo ndipo onse amaoneka olondola mukangochotsa sipuling'i. Musadalire mutu.

Pa GX, mkono uli kunsi kwa thanki, ndiye thanki iyenera kusunthidwa. Pano pali msampha: kampopi kotsekera mafuta kali pa kabuleta, osati pa thanki. Mukatseka kampopiko n'kuzula paipi, petulo yense wa m'thanki amakutsanulikirani m'manja. Khuthulani kaye, kapena finyani paipi, kapenanso ingonyamulani thanki n'kuitsamiritsa pambali paipi ili chilumikizire. Wosuta fodya akhale kutali.

3. Yang'anani zakunja

Kankhani mkono ndi chala uku ndi uku. Uziyenda mofewa kuchokera potseka mpaka potsegula, osakakamira paliponse. Udzu, matope ouma ndi zisa za mavu zimakonda pamenepa. Kawaya kakhale kosapindika. Mozungulira kawayako muli kasipuling'i kena kowonda ngati tsitsi, kamene ambiri amakataya poganiza kuti n'kopanda ntchito. Ntchito yake ndi kuchotsa kulobodoka pakati pa kawaya ndi mabowo ake. Kakasowa, gavana amayenda kaye pang'ono kachitseko kasanamve, ndipo injini imasakhazikika ngakhale zina zonse zili bwino.

Sipuling'i yaikulu ikakhala yadzimbiri, yotanuka, kapena yoti wina anaidula n'kupindanso mbedza, gulani ina ya injini yomweyo. Masipuling'i a pampu ndi a jenereta amafanana maonekedwe koma kulimba kwake n'kosiyana.

Chimodzi chimene chimadabwitsa anthu: injini ikakhala yozima, chogwirira cha moto chili pa chizindikiro cha kalulu (liwiro lapamwamba), kachitseko ka kabuleta kamakhala kotseguka konse. Wina anabwera akuthamanga kuti wapeza vuto. Limenelo si vuto. Tizitsulo ta m'kati sitikuzungulira, ndiye palibe wolimbana ndi sipuling'i.

4. Kulumikiza mkono ndi shafuti

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo m'pamene ambiri amangoti "zungulizani shafuti n'kumanga" osanena kuti muzungulizire kuti komanso chifukwa chiyani. Mukalakwitsa pano injini imatha kusweka pasanathe mphindi.

Mkono sunawotcheredwe ku shafuti. Wangoifinya ndi kabawuti ndi nati ya 10. Nati ikamasuka pang'ono, kapena wina akachotsa mkono pokonza zina, mkono umatsetsereka pa shafuti ndipo zakunja ndi zam'kati sizimvananso. Chimene tikufuna n'chakuti pa nthawi imene tizitsulo ta m'kati tatsekeka kotheratu, kachitseko ka kabuleta kakhale kotseguka kotheratu, ndipo phazi la shafuti likhale litatsamira kale pa kamutu kaja popanda mpata. Zikatero, tizitsulo tikangoyamba kutambasuka, kachitseko kamamva nthawi yomweyo.

Chitani motere, injini ili chizimire.

Masulani nati mpaka mkono uzizungulira wokha pa shafuti. Musauchotse. Ndiponso musazule kapini kopindika kamene kali pa shafuti kunsi kwa mkono, chifukwa ndi kamene kamaletsa shafuti kugwera m'kati. Ikagwera, ntchito ya mphindi khumi yasanduka yotsegula injini yonse.

Kankhani mkono kumbali yotsegula kachitseko mpaka kachitseko kagunde pomalizira. Musaganizire, yang'anani pa kabuleta penipeni. Kumbali imene kapulasitiki ka pamwamba kamakagunda sikuluwu ya liwiro lotsika ndiko kotseka. Mbali inayo ndiyo yotsegula. Ngati mukukayikabe, chotsani sefa musuzumire m'kati: kotsegula ndi pamene kachitseko kagona motsata njira ya mpweya. Musasokoneze ndi choki, chimene chili kunja kwenikweni.

Tsopano onetsetsani mmene mkono wazungulirira pamene mumaukankha. Kodi wapita mmene muvi wa wotchi umayendera, kapena mobwerera? Gwirani mutu wa shafuti ndi pulayala, kapena sikuludiraiva ngati uli ndi mpata wake, muuzungulize mbali yomweyo imene mkono wapita, mpaka uime. Lamulo lake ndi limeneli, ndipo limagwira pa Honda, pa Briggs & Stratton ndi pa Kohler: shafuti imatsata mkono. Pa GX160 ndi GX200, mukayang'ana kuchokera pamwamba, ndi mmene wotchi imayendera. Koma musaloweze za wotchizo n'kukazigwiritsa pa injini iliyonse, chifukwa zina zimapita mobwerera. Lowezani zotsata mkono.

Shafutiyo siyenda mtunda wautali, imangosuntha pang'ono n'kugunda. Ikagunda, lekani. Chimene yagunda ndi pulasitiki, ndipo mukaumiriza ndi mphamvu za kumunda muthyola kagiya.

Gwirani zonse ziwiri pomwepo, mkono uli kotsegula, shafuti ili pomalizira, n'kumanga nati. Manja awiri amachepa, ndipo apa mawu aja akuti chala chimodzi sichiswa nsabwe amaoneka ndi maso. Itanani mwana agwire mkono. Ngati muli nokha, ikani chogwirira cha moto pa kalulu kuti sipuling'i ikugwirireni mkono, inu dzanja limodzi pulayala, lina sipanala. Mangani molimba koma osapotokola kabawuti. Pa GX ndi pafupifupi 10 Nm, kutanthauza kulimba kwa dzanja limodzi pa sipanala yaifupi.

Mukamanga, yesani. Kankhani mkono kumbali yotseka, uzifika mpaka kachitseko kagunde sikuluwu, ndipo mukausiya ubwerere wokha kotsegula. Gwiraninso mkono n'kuyesa kupotoza shafuti ndi pulayala pang'ono: zisasiyane.

Mukalakwitsa zimaoneka bwanji? Mukazunguliza shafuti mbali yolakwika, phazi lake limakhala kutali ndi kamutu. Tizitsulo titambasuka mpaka pomalizira osapeza chokankha, kachitseko kali chitsegukire, injini n'kukuwa ngati ikuthawa. Mukamanga nati kachitseko kasanatseguke konse, zimakhala zosiyana: injini imalira bwinobwino ikakhala yopanda katundu, koma khasu likangolowa pansi imagwada, chifukwa gavana sangathe kutsegula mpaka pomalizira. Vuto lachiwirili ndi limene limapusitsa anthu mpaka kugula mapisitoni ringi atsopano pachabe.

5. Kuliza koyamba

Bwezerani thanki, sefa ndi waya wa pulagi. Onani oyilo, GX160 ndi GX200 zimalowa malita 0.6. Ikani chogwirira pa chizindikiro cha kamba (liwiro lotsika), thirakitala ikhale pa nyutilo, pampu ikhale yothiridwa madzi chifukwa kuiliza youma kumapsereza silo yoletsa madzi kudontha. Lizani dzanja lina lili pa switchi. Ikangokwera mopitirira n'kuyamba kulira mokuwa, zimitsani pomwepo, musadikire kuti mwina ikhazikika. Bwererani pa nambala 4.

Ikalira bwino, ilekeni itenthe kwa mphindi zingapo, kenako yesani gavana wa m'kati. Kankhani mkono pang'ono kumbali yotsegula, kamphindi chabe. Muzimva ukukankhana ndi chala chanu pamene liwiro likukwera, ndipo mukausiya ubwerere msanga. Ngati mwabwereza nambala 4 kawiri mosamala koma mkono uli lobodo, injini n'kumathawabe, kagiya ka m'kati kasweka. Khuthulirani oyilo m'mbale yoyera. Mukaona tizidutswa tapulasitiki ngati misere ya mpunga, yankho ndi limenelo, ndipo palibe kukonzera kunja kumene kungathandize. Chivundikiro cha pambali chiyenera kutsegulidwa, giya isinthidwe, ndipo tizidutswa tonse tichotsedwe.

6. Liwiro lotsika

Chogwirira chili pa kamba, zungulizani sikuluwu ija ya pa kabuleta imene kachitseko kamagunda. Kulowetsa kumakweza, kutulutsa kumatsitsa. Pa GX160 ndi GX200 ndi kuzungulira ka 1,400 pa mphindi. Musaitsitse kwambiri pofuna kuti izilira mwaulemu ngati galimoto. Injinizi zilibe pampu ya oyilo, zimadzithira ndi kachitsulo ka pa konirodi (chitsulo cholumikiza pisitoni ndi shafuti yaikulu) kamene kamamwaza oyilo, ndipo mphepo yoziziritsa imachokera ku fulaiwilo, gudumu lolemera lozungulira pambali pa injini. Zikamayenda pang'onopang'ono kwambiri, zonse ziwiri zimachepa. Majenereta ambiri ang'onoang'ono sakhala pa liwiro limeneli, ndiye ngati yanu ndi jenereta dumphani.

7. Liwiro lapamwamba

Pano khutu lokha silikwanira. Ine ndakhala ndi injinizi zaka zambiri koma kusiyanitsa 3,600 ndi 4,200 ndi khutu ndimaphonya. Pali kachipangizo kotchipa kokhala ndi waya womwe mumakulunga pa waya wa pulagi. Samalani pokasankhira mawerengedwe: injinizi ndi za masitiroko anayi, koma pulagi imathetheka pa kuzungulira kulikonse chifukwa maginito ali pa fulaiwilo. Mukakauza kuti moto umabwera kamodzi pa maulendo awiri, kakupatsani nambala yowirikiza, inu n'kumatsitsa injini yabwinobwino.

Pa GX ya thirakitala kapena pampu, mphamvu yake inayezedwa pa 3,600, ndipo ikakhala yopanda katundu imaloledwa kufika cha m'ma 3,900. Pafupi ndi chogwirira cha moto pali sikuluwu imene imachiletsa kupitirira. Imeneyo ndiyo yosintha, theka la kuzungulira nthawi imodzi, mukuyeza. Pa Briggs & Stratton zambiri mumapinda pang'ono kachitsulo kamene sipuling'i yakoledwapo, ndipo liwiro loyenera limasiyana malinga ndi makina, ndiye tengani nambala yodindidwa pa chivundikiro cha injini mufufuze nayo. Za makina otchetcha zimakhala zotsikirapo dala chifukwa cha mpeni.

Jenereta ili ndi lamulo lake. Magetsi athu ndi 230 V pa 50 Hz, ndipo jenereta yaing'ono wamba imapereka 50 Hz ikamazungulira 3,000 pa mphindi. Ikani malitimita pa soketi, sinthani sikuluwu yokoka sipuling'i mpaka iwerenge cha m'ma 52 Hz popanda cholumikiza. Mukalumikiza katundu itsikira cha ku 50. Kutsika pang'onoko n'kwachibadwa kwa gavana wamtunduwu. Musayese kukweza mavoti pothamangitsa injini, mungopsereza firiji. Jenereta zolembedwa inverter zimalamulidwa ndi magetsi, sizikhudzidwa ndi zimenezi.

Ndiime pang'ono pa nkhani yokoka sipuling'i, popeza ndi imene munandifunsa. Kukoka sipuling'i sikuwonjezera mphamvu. Kachitseko kakatseguka konse, katseguka basi, palibenso pena poti katsegukire. Chimene mwachita n'kuchotsa malire. Chaka china bambo wina anabweretsa pampu pa njinga, atakulunga injini m'thumba la feteleza. Anali atamanga mkono wa gavana ndi mphira ya chubu, yonga ya legeni, kuti madzi azikwera msanga kumtunda kwa dimba. Akuti kwa masiku awiri madzi ankatuluka mosangalatsa. Tsiku lachitatu chitsime chinaphwa, paipi inakoka mpweya, katundu anachoka mwadzidzidzi, ndipo panalibenso woti atseke kachitseko. Nditatsegula thumbalo ndinapeza bowo pambali pa injini loti n'kulowetsa zala zitatu, chidutswa cha konirodi chikusuzumira panja, mphira ija ili chimangire. Pampu imafuna mphamvu yochuluka kwambiri liwiro likangokwera pang'ono: mukakweza liwiro ndi gawo limodzi mwa khumi, mphamvu yofunika imakwera pafupifupi ndi gawo limodzi mwa atatu. Ngati madzi sakukwera, yang'anani paipi yokoka ngati ikulowa mpweya, kapena pampu yachepera mtunda.

8. Mabowo a pamkono

Izi ndi za pomalizira, ndipo ambiri simudzazifuna. Ngati kabuleta ili yoyera, nambala 4 mwaichita bwino, koma injini ikusakhazikikabe katundu akasintha, gavana wachita changu mopitirira. Sunthani sipuling'i bowo limodzi kutali ndi shafuti. Ngati m'malo mwake liwiro likugwa kwambiri khasu likalowa pansi, ndipo injini ikuchedwa kuyankha, isuntheni bowo limodzi kuyandikira shafuti. Bowo limodzi lokha, kenako bwerezani nambala 7, chifukwa kusintha bowo kumasinthanso liwiro lapamwamba. Zikapanda kusintha kanthu, bwezerani pa bowo la pachithunzi chija.

9. Kaiyeseni kumunda

Pakhomo injini iliyonse imamveka yamphamvu. Pitani nayo pamene imagwira ntchito. Lowetsani khasu m'dothi, kapena tsegulani madzi, kapena yatsani ayironi pa jenereta, maso ali pamkono wa gavana. Uzisunthira kotsegula kamodzi, mawu a injini akule, ukhazikike. Mukachotsa katundu, injini ikwere pang'ono n'kubwerera msanga. Ikagwedezeka kamodzi kapena kawiri isanakhazikike palibe vuto. Ngati mkono wafika pomalizira kotsegula koma injini ikufookabe, gavana wachita mbali yake yonse, ndipo mukayang'ane mpata wa mavavu, kompuresheni, kapena muchepetse kuya kwa khasu.

Mukagwira ntchito kwa ola limodzi, zimitsani, dikirani izizire, yesaninso nati ija ndi sipanala. Ine ndimadontheza kadontho ka utoto wa m'zikhadabo podutsa pa mutu wa shafuti ndi mkono. Tsiku lina injini ikadzasintha mawu, mudzangosuzumira kunsi kwa thanki ndi tochi: mzere wa utoto ukakhala wosweka, mkono watsetsereka, ndipo muyambire pa nambala 4. Ukakhala wathunthu, tsitsani kambale ka kabuleta.